Mankhwala ndi Asilikari a M'thupi

MAU OYAMBA

Kuyambira kale lomwe anthu adadziwa chinthu chimodzi chokhudza chikuku ndi nthomba, kuti munthu amene wadwala nthenda imeneyi nachira, saidwalanso. Chifukwa chake m'maiko ambiri, mliri wa nthomba ukagwa m'mudzi, anthu okhala ndi zipsera kumaso ndiwo ankadwazika anzao mosaopa. Akuluakulu a nthawi imeneyo sadadziwe chimene chinkatchinjiriza munthu wotere, koma chimene adaonacho chidali choona. Thupi la munthu liri ndi chitetezo chakechake, ndipo chitetezocho chimakumbukira mdani amene chidakumana naye.

Nkhani ino ikufotokoza mbiri ya mankhwala olimbana ndi tizirombo totchedwa mavairasi, ndiponso m'mene mankhwalawo amasinthira ntchito ya chitetezo cha m'thupi. Mbali yaikulu ya nkhaniyi ndi ya matenda a Edzi, pakuti pa nthenda imeneyi ndi pamene madokotala adaphunzira zambiri. Phunziro lake ndi ili: mankhwala sachiritsa munthu pa okha ai. Ntchito yao ndiyo kuletsa kachirombo kuti kasaberekane, ndipo thupi likapeza mpata umenewo limadzimanganso lokha. Madokotala sadalidziwe phunziro limeneli tsiku limodzi. Padapita zaka zambiri, ndipo anthu ambiri adafa lisanadziwike.

TIZIROMBO TA MITUNDU IWIRI

Tizirombo toyambitsa matenda tiripo ta mitundu yambiri, koma iwiri ndiyo yofunika pa nkhani ino. Mtundu woyamba ndi wa mabakiteriya, amene amayambitsa chifuwa chachikulu, kolera ndi chindoko. Amenewa ndi zamoyo zodziimira pa zokha, zimene zimadya ndi kuberekana popanda wozithandiza. M'chaka cha 1928 Alexander Fleming, amene ankagwira ntchito ku London, adapeza mankhwala a penisilini, ndipo pa nthawi ya nkhondo yaikulu yachiwiri mankhwalawa adayamba kupulumutsa anthu ochuluka. Penisilini amaphwanya khoma limene limakuta bakiteriya, ndipo popeza thupi la munthu liribe khoma lotere, munthu savulala.

Mtundu wachiwiri ndi wa mavairasi, amene amayambitsa chikuku, nthomba, chimfine, poliyo ndi chiwewe. Amenewa ndi aang'ono koposa, ndipo sangathe kuberekana pa okha. Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizigawo tating'ono totchedwa maselo, monga nyumba imamangidwa ndi njerwa. Vairasi imalowa m'kati mwa selo, nilikakamiza kuti lileke ntchito yake ndi kuyamba kupanga mavairasi ena. Iri ngati nankafumbwe amene waboola njere ya chimanga nakhala m'kati mwake. Kupha nankafumbwe wotere popanda kuononga chimanga ndi ntchito yovuta. Tsono kwa zaka zambiri akatswiri ankaganiza kuti mankhwala opha vairasi adzapha wodwala yemwe.

ASILIKARI A M'THUPI

M'magazi a munthu muli maselo oyera amene anthu amawatcha asilikari a m'thupi, ndipo ali m'magulu osiyanasiyana. Gulu lina limameza tizirombo. Gulu lina limapanga zida zotchedwa ma antibody, zimene zimamatirira kachirombo kuti kasalowe m'maselo. Gulu linanso limafunafuna maselo amene agwidwa kale ndi vairasi, niliwapha pamodzi ndi mdani amene ali m'katimo.

Pamwamba pa magulu onsewa pali gulu lotchedwa CD4. Asilikari amenewa ali ngati munthu woimba ng'oma yoitana mudzi pamene kwagwa zoopsa. Iwo ndiwo amadzutsa magulu ena ndi kuwauza pamene pali mdani. Munthu wa moyo wangwiro amakhala ndi asilikari a CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho ka magazi kochepa ngati kanjere ka mchenga.

Nkhondo ikatha, asilikari ena amatsala m'thupi ali okumbukira mdani uja. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya katemera, amene Edward Jenner adamuyamba ku England m'chaka cha 1796. Katemera amaphunzitsa asilikari nthenda isanafike. Ndi njira imeneyi nthomba idathetsedwa, ndipo m'chaka cha 1980 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, lidalengeza kuti nthendayo kulibenso. Koma katemera sathandiza munthu amene wadwala kale. Wotereyo ankangodikira kuti asilikari ake apambane kapena agonje.

MANKHWALA OYAMBA

M'chaka cha 1959 William Prusoff wa ku America adapanga mankhwala otchedwa idoxuridine. Adali aukali kwambiri, kotero kuti ankangowathira m'maso mwa anthu odwala zironda za m'diso zoyamba ndi vairasi ya herpes. Kumwa sikunkatheka.

Kusintha kwenikweni kudadza ndi ntchito ya mai wina wa ku America, dzina lake Gertrude Elion, pamodzi ndi anzake. M'chaka cha 1977 iwo adafotokoza za mankhwala otchedwa acyclovir. Nzeru yake idali yakuti mankhwalawa amakhala ngati ogona kufikira atalowa m'selo limene muli vairasi ya herpes. M'menemo ndi m'mene amadzuka, nalowa m'malo mwa chimodzi cha zipangizo zimene vairasi imadzipangira nazo, ndipo ntchito yoberekana imaima. Mai Elion adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1988.

Mankhwala amenewa adaphunzitsa madokotala chinthu chachikulu. Wodwala mashingozi akamwa acyclovir msanga, zironda zimapola msanga, koma vairasi sichoka m'thupi ai. Imakabisala m'mitsempha nikhala chete, ndipo amene amailondera kuti isatulukenso ndi asilikari a m'thupi. Munthu akakalamba, kapena chitetezo chake chikafooka, nthendayo ikhoza kubwerera. Tsono padatsala funso lovuta: nanga chidzachitika nchiyani ikadza vairasi yopha asilikari eni akewo?

MLIRI WA EDZI

M'mwezi wa Juni 1981 madokotala a ku Los Angeles adalemba za amuna asanu achinyamata amene adadwala chibayo cha mtundu wachilendo, chimene sichigwira munthu wa chitetezo chabwino. Poyesa magazi a odwala otere adapeza kuti asilikari a CD4 adatsala ochepa kwambiri. M'chaka cha 1983 Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier, ogwira ntchito ku Institut Pasteur mu mzinda wa Paris, adapeza kachirombo koyambitsa nthendayo, kamene pambuyo pake kadatchedwa HIV. M'Malawi wodwala woyamba adadziwika m'chaka cha 1985.

Kuopsa kwa kachirombo aka ndi kwakuti nyumba imene kamasankha kulowamo ndiyo msilikari wa CD4 yemweyo. Oimba ng'oma akatha, magulu ena amakhala alipo koma osadziwa chochita. Chiwerengero cha CD4 chikatsika kufika pansi pa 200, matenda amene thupi linkawaletsa mosavuta amalowa monga nkhuku m'munda wopanda mpanda: chifuwa chachikulu, chibayo, zironda za m'kamwa, kutsekula m'mimba kosatha, matenda oumitsa khosi, ndi khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi. Imeneyi ndiyo Edzi. Matenda amenewa ndiwo ankapha anthu, koma wotsekula khomo adali kachirombo kaja.

CHIYEMBEKEZO CHA AZT

M'chaka cha 1964 Jerome Horwitz wa ku Detroit adapanga mankhwala otchedwa AZT, pofuna kuchiza khansa. Sadathandize, ndipo adaikidwa padera. M'chaka cha 1985 Hiroaki Mitsuya ndi Samuel Broder adapeza kuti mankhwalawo amaletsa HIV kuberekana. Chaka chotsatira adayesedwa pa odwala 282. Pa anthu 145 amene adalandira AZT adamwalira mmodzi yekha, koma pa anthu 137 amene sadalandire adamwalira 19. Boma la America lidavomereza mankhwalawo m'mwezi wa Malichi 1987.

Madokotala adaona chinthu chimene sadachionepo ndi kale lonse: chiwerengero cha CD4 chidakwera pang'ono, ndipo odwala ena adayambanso kunenepa. Koma chimwemwe chidali cha kanthawi. Patapita miyezi, asilikari adayambanso kutsika. M'chaka cha 1989 akatswiri adapeza chifukwa chake. Kachirombo ka HIV poberekana kamalakwitsa kawirikawiri, kotero kuti ana ake amabadwa osiyana pang'ono. Pakati pa anawo amapezeka ena amene AZT sawagwira, ndipo amenewo ndiwo amachulukana anzao ataletsedwa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa Concorde, amene adachitika ku Britain, Ireland ndi France, adaonetsa m'chaka cha 1994 kuti kuyamba msanga kumwa AZT yekha sikunkatalikitsa moyo.

Komabe chaka chomwecho kudamveka nkhani yabwino. Amai oyembekezera atapatsidwa AZT, ana obadwa ndi kachirombo adachepa, kuchoka pa 25 kufika pa 8 mwa ana 100 ali onse.

NKHONDO YOSAONEKA

Munthu amene watenga HIV amatha kukhala zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi osadwala. Chifukwa cha ichi ambiri ankaganiza kuti m'zaka zimenezo kachirombo kamakhala kali m'tulo. M'mwezi wa Januwale 1995 magulu awiri a akatswiri, lina lotsogozedwa ndi David Ho ku New York, lina ndi George Shaw ku Alabama, adaonetsa kuti maganizo amenewa adali olakwa. Adapatsa odwala mankhwala atsopano amphamvu, nayesa magazi ao kawirikawiri. M'masabata awiri okha tizirombo tidachepa kwambiri, ndipo asilikari a CD4 adayamba kukwera.

Powerengera bwino adapeza kuti m'thupi la munthu wosamwa mankhwala mumabadwa tizirombo tokwana mamiliyoni zikwi khumi tsiku liri lonse. Tsiku liri lonse asilikari ambirimbiri amafa, ndipo thupi limayesetsa kubwezera ena. Ziri ngati munthu amene akuthira madzi mu mtsuko woboola. Poyamba mtsuko umaoneka wodzaza, pakuti wothirayo ali ndi mphamvu, koma patapita zaka amatopa, ndipo madzi amatsika. Tsono tanthauzo lake lidali lakuti ntchito ya mankhwala ndiyo kutseka chiboo. Wodzaza mtsuko alipo kale.

Nzeru yachiwiri idali yophatikiza mankhwala atatu. Kachirombo kangathe kuzemba mankhwala amodzi, koma kuzemba atatu nthawi imodzi nkovuta. Pa msonkhano waukulu wa ku Vancouver m'mwezi wa Julayi 1996 madokotala adafotokoza za odwala amene tizirombo tao tidachepa kufikira makina sadathenso kutipeza m'magazi. Mankhwala amenewa ndiwo ma ARV. M'zaka ziwiri zotsatira imfa za Edzi zidatsika kwambiri m'maiko olemera.

ASILIKARI ABWERERA

Padatsala funso lina. Kodi asilikari amene akuchulukawo ndi enieni, otha kumenya nkhondo? M'chaka cha 1997 Brigitte Autran ndi anzake ku Paris adayankha. Adapeza kuti chitetezo chimabwerera m'magawo awiri. M'masabata oyamba, asilikari akale amene adaunjikana m'malo muja mumatupa mwanabere amatuluka nalowanso m'magazi. Pambuyo pake, patapita miyezi ingapo, thupi limayamba kubala asilikari atsopano. Amenewa amakulira m'kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa. Gawo lachiwirili limayenda pang'ono pang'ono kwa zaka zambiri, ndipo limafulumira mwa ana kuposa mwa okalamba, pakuti kachiwaloka kamachepa munthu akamakula.

Umboni wake udaoneka m'zipatala. Zironda za m'kamwa zidapola, kutsekula m'mimba kudaleka, ndipo mwa ena mawanga a Kaposi adazimirira. Chodabwitsa ndi chakuti ma ARV sapha tizirombo toyambitsa matenda amenewa. Amene adatigonjetsa ndi asilikari amene adabwerera ku ntchito yao.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Kubwerera kwa asilikari kudadza ndi vuto lakenso. M'chaka cha 1992 Martyn French, dokotala wa ku Perth m'dziko la Australia, adalemba za odwala amene adatentha thupi ndi kutupa mwanabere atangoyamba kumwa AZT. Ma ARV atafala, zotere zidachuluka. Munthu amayamba mankhwala, ndipo patapita masabata awiri kapena anai amadwala koposa kale, ngakhale magazi ake akuonetsa kuti kachirombo kakuchepa.

Chifukwa chake ndi ichi. Pamene chitetezo chidali chofooka, tizirombo tina, monga ta chifuwa chachikulu, tidakhazikika m'thupi popanda wotiletsa. Asilikari akadzuka amapeza mudzi wadzaza ndi adani, ndipo amamenya nkhondo mwaukali, kotero kuti ndi nyumba zomwe zimaonongeka. Kutentha thupi ndi kutupa ndizo zizindikiro za nkhondoyo. Madokotala amalitcha vuto limeneli IRIS, ndipo limagwira makamaka anthu amene ayamba mankhwala asilikari ao atatha kale.

Tsono kudafunika kudziwa nthawi yabwino yoyambira ma ARV kwa munthu amene akudwala kale nthenda ina. Kafukufuku wa ku Durban adaonetsa m'chaka cha 2010 kuti odwala chifuwa chachikulu amene adayamba ma ARV ali pakati pa mankhwala a chifuwa adapulumuka ambiri kuposa amene adadikira kuti atsirize. Koma pa matenda oumitsa khosi oyamba ndi kachirombo kotchedwa cryptococcus, yankho lidali lina. Kafukufuku wa ku Uganda ndi South Africa adaonetsa m'chaka cha 2014 kuti mwa anthu 100 oyamba ma ARV msanga ankamwalira 45, pamene mwa odikira masabata asanu ankamwalira 30. Bongo uli m'kati mwa chigaza, ndipo ukatupa ulibe kolowera. Chifukwa chake wodwala wotere amayamba walandira mankhwala a nthenda ya m'mutuyo kwa masabata anai kapena asanu ndi limodzi, ndipo ma ARV amatsatira pambuyo.

Munthu amene wadwala atangoyamba ma ARV asaganize kuti mankhwalawo ndi oipa, ndipo asawasiye mwa yekha. Ayenera kubwerera msanga ku chipatala, pakuti thandizo lake liripo.

KACHIROMBO KOBISALA

M'chaka cha 1996 akatswiri ena adayembekeza kuti munthu akamwa ma ARV zaka zitatu, kachirombo kadzatheratu. Koma m'chaka cha 1997 magulu atatu a ku America, limodzi la iwo lotsogozedwa ndi Robert Siliciano ku Baltimore, adapeza pamene kamabisala. Kamalowa mwa asilikari okumbukira aja, amene amakhala chigonere zaka zambiri, ndipo kamagona nao pamodzi. Mankhwala amagwira kachirombo pamene kakuberekana, koma kogona sakakhudza. M'chaka cha 2003 gulu la Siliciano lidawerengera kuti pangafunike zaka zoposa 70 kuti tizirombo tobisalati tithe. Motero mphatso ija ya kukumbukira, imene imateteza munthu ku chikuku, ndiyo yomwe kachirombo ka HIV kadaisandutsa phanga lake.

Ena adaganiza kuti odwala angathe kupumula kumwa mankhwala pamene asilikari achuluka, ndi kuyambanso akatsika. Maganizo amenewa adayesedwa pa anthu 5,472 m'kafukufuku wotchedwa SMART, koma adaimitsidwa m'mwezi wa Januwale 2006, chifukwa opumulawo ankadwala ndi kumwalira koposa omwa mosalekeza. Adavutikanso ndi matenda a mtima, chiwindi ndi impso. Apa padatuluka phunziro lina, lakuti kachirombo kakamaberekana, chitetezo chimakhala pa nkhondo usana ndi usiku, ndipo nkhondo yosathayo imaononga ziwalo zina. Mankhwala amachulukitsa asilikari, komanso amawapumitsa.

Si mavairasi onse amene amabisala chotere. Kuyambira chaka cha 2013 kwakhala mankhwala otchedwa sofosbuvir, amene pophatikiza ndi ena amachiritsiratu nthenda ya chiwindi yotchedwa hepatitis C m'masabata 12. Komabe wochirayo angathe kuitenganso, pakuti mankhwala amachotsa mdani koma saphunzitsa asilikari monga amachitira katemera.

M'MERA MPOYAMBA

Kwa zaka zambiri madokotala ankadikira kuti CD4 itsike kufika pa 200 asanapereke ma ARV, chifukwa mankhwala oyambawo adali aukali ndi odula. Koma m'chaka cha 2004 akatswiri adapeza kuti m'masabata oyamba enieni munthu atatenga HIV, asilikari ambiri a CD4 okhala m'matumbo amaphedwa, ndipo sabwerera onse. Adaonanso kuti mwa anthu oyamba mankhwala mochedwa, ena chiwerengero chao sichifikanso pa 500 ngakhale amwe zaka zambiri.

M'chaka cha 2008 kafukufuku wa ku South Africa adaonetsa kuti makanda obadwa ndi HIV akayamba ma ARV m'masabata oyamba, imfa zimachepa ndi magawo atatu mwa anai. M'chaka cha 2015 kafukufuku wotchedwa START, wa anthu 4,685 a m'maiko 35, adaonetsa kuti ngakhale akulu amene CD4 yao iri pamwamba pa 500 amapindula akayamba nthawi yomweyo. Chaka chomwecho bungwe la WHO lidalangiza kuti ali yense wopezeka ndi kachirombo ayambe mankhwala mosadikira.

Kuyamba msanga kuli ndi chotsatira china chofunika kuchidziwa. Zoyezera zambiri za ku chipatala sizifuna kachirombo kenikeniko, koma ma antibody amene thupi limapanga polimbana nako. Mwana amene wayamba mankhwala ali wakhanda, asilikari ake saona mdani wokwanira, kotero kuti nthawi zina sapanga zida zimenezo, ndipo poyeza amaoneka ngati alibe kachirombo. Ichi sichitanthauza kuti wachira. M'chaka cha 2013 kudamveka mbiri ya mwana wa ku Mississippi, m'dziko la America, amene adayamba mankhwala asanathe masiku awiri chibadwire, nawasiya ali ndi miyezi 18. Adakhala miyezi 27 kachirombo kosaoneka, koma m'chaka cha 2014 kadatulukanso.

MANKHWALA AFIKA M'MALAWI

Pamene odwala a m'maiko olemera ankadzuka pa mphasa, m'Malawi maliro ankachulukirachulukira, pakuti ma ARV ankagulidwa madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. M'chaka cha 2001 kampani ya Cipla ya ku India, yotsogozedwa ndi Yusuf Hamied, idalengeza kuti idzagulitsa mankhwala atatu aja pa mtengo wa madola 350 pa chaka. Chaka chomwecho bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu. M'mwezi wa Juni 2004 boma la Malawi, mothandizidwa ndi thumba la Global Fund, lidayamba kupereka mankhwalawa kwaulere m'zipatala zake.

Zotsatira zake zidalembedwa ku Karonga, kumene akatswiri ankawerenga imfa za m'midzi. Chipatala cha ma ARV chitatsekulidwa kumeneko m'chaka cha 2005, imfa za akuluakulu okhala pafupi ndi mseu waukulu zidachepa ndi gawo limodzi mwa atatu m'miyezi yowerengeka.

Amalawi adathandizanso kupeza nzeru zatsopano. Mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre adali pakati pa mabanja 1,763 a m'maiko asanu ndi anai amene adalowa m'kafukufuku wotchedwa HPTN 052. M'mabanja amenewa mmodzi adali ndi kachirombo, mnzake alibe. M'chaka cha 2011 zidadziwika kuti wokhala ndi kachiromboyo akayamba mankhwala msanga, kupatsirana kumachepa ndi magawo 96 mwa 100.

M'mwezi wa Julayi chaka chomwecho dziko la Malawi lidachita chinthu chimene dziko lina liri lonse lidali lisanachite. Popeza makina owerengera CD4 adali ochepa, amai ambiri oyembekezera ankabereka asanayezedwe. Tsono boma lidalamula kuti mai ali yense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe ma ARV a moyo wake wonse, mosadikira chiwerengero. Njira imeneyi idatchedwa Option B+, ndipo maiko ena ambiri adaitsatira. Kwa odwala ena malire oyambira adakwezedwa kufika pa 350 m'chaka cha 2011, pa 500 m'chaka cha 2014, ndipo m'chaka cha 2016 adachotsedwa. M'chaka cha 2019 kudadza mankhwala otchedwa dolutegravir, amene kachirombo kamavutika kuwazemba. Pofika chaka cha 2023 Amalawi pafupifupi 900,000 ankalandira ma ARV.

MAU OTSIRIZA

Kuyambira pa mankhwala a m'maso a 1959 kufikira pa piritsi limodzi la tsiku ndi tsiku, akatswiri a maiko ambiri adaphunzira zinthu zinai. Choyamba, mankhwala amaletsa vairasi kuberekana, ndipo thupi ndilo limabwezera asilikari ake. Chachiwiri, woyamba msanga amasunga asilikari ambiri, pamene wochedwa sabweza onse amene adataya. Chachitatu, asilikari podzuka angathe kuvutitsa thupi m'masabata oyamba, ndipo imeneyo ndi nthawi yokhala pafupi ndi chipatala. Chachinai, kachirombo ka HIV kamabisala pamene mankhwala safika, kotero kuti munthu akawasiya kamatulukanso, kawirikawiri m'masabata ochepa.

Pa chifukwa chimenechi munthu amene wamwa mankhwala nanenepa, nabwerera kumunda ndi ku ntchito, ayenera kudziwa kuti mphamvu zakezo zaimira pa piritsi limene amamwa tsiku liri lonse. Ndipo amene sanayezetse magazi achita bwino kupita ku chipatala akali wamphamvu, asilikari ake akali ochuluka.